Kuyabwa kwa matenda a chiwindi kwandisowetsa tulo, anzanga mumatani?

Sindigona
Moni nonse. Ndili ndi matenda a chiwindi omwe madokotala amati PBC (primary biliary cholangitis), ndipo ndikumwa mankhwala a ursodeoxycholic acid tsiku lililonse monga anandiuzira. Akayeza magazi akuti zinthu zikuyenda, manambala akutsika. Koma kuyabwa kokha sikukusintha. Kumayamba dzuwa likangolowa, m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, kenako miyendo, msana, mpaka m'mutu. Pakhungu palibe nsungu, palibe zidzolo, zomwe zilipo ndi mikwingwirima ya zikhadabo zanga zomwe. M'mawa ndimapeza timadontho ta magazi pansalu yofunda. Piriton ndamwa, mafuta odzola ndasinthasintha, koma palibe chikuchitika. Amene munadutsamo kapena mukudutsamo, mumatani kuti mugoneko?

Kadzidzi
Takulandirani ku gulu la osagona, achemwali. Ifenso tili maso.

Mphepo22
Mwaonetsetsa kuti si mphere? Mphere nayonso imavuta usiku. Ena kunyumbako akukandanso?

Sindigona
Ayi. Ndimagona bedi limodzi ndi amuna anga, iwo sakanda n'komwe. Ana ali bwinobwino.

NamwinoWopuma
Funso la a Mphepo22 ndi loyenera, chifukwa munthu wodwala chiwindi angathenso kugwidwa mphere. Koma mphere imasiya tinsungu pakati pa zala, m'mikono ndi m'chiuno, ndipo kawirikawiri imayenda nyumba yonse. Zomwe mwafotokoza inuzi, khungu loyera, zikhatho ndi mapazi, kukula usiku, ndi mmene kuyabwa kwa ndulu kumakhalira.

Chiwindi chimapanga ndulu, ndipo nduluyo imadutsa m'tinjira ting'onoting'ono kupita m'matumbo kukathandiza kugaya mafuta. Mu PBC chitetezo cha thupi chimatembenukira tinjira timeneti n'kumatiwononga pang'onopang'ono. Ndulu ikalephera kuyenda, zinthu zomwe zimayenera kutuluka nayo zimatsalira m'magazi n'kumadzutsa minyewa ya pakhungu. Ndiye khungu lenilenilo silikudwala, vuto likuchokera mkati. N'chifukwa chake Piriton sakukuthandizani: iye amalimbana ndi histamine, yemwe amayabwitsa munthu akalumidwa ndi tizilombo kapena akadya chomwe thupi lake limadana nacho. Apa histamine si amene akuyambitsa. Piriton angokupatsani tulo pang'ono basi.

Chinanso, ursodeoxycholic acid ntchito yake ndi kuteteza chiwindi. Musamusiye. Koma anthu ambiri sawachotsa kuyabwa. Kuyabwa kuli ndi mankhwala akeake, ndipo oyamba omwe madokotala amayesa ndi cholestyramine. Kodi munawauza adokotala anu mmene mwatiuzira ife pano?

Sindigona
Ndinangoti ndimayabwa. Anati ndi mmene matendawa alili, n'kupitiriza kuyang'ana zotsatira za magazi pa kompyuta.

BamboWaMapasa
Amayi, yesani madzi otentha kwambiri, otentha mpaka khungu lifiire. Ine ndikaima pansi pa shawa yotero kuyabwa kumatheratu.

Kadzidzi
Kumatha kwa mphindi zingati, bambo?

BamboWaMapasa
Zokwanira kuti ndifike pabedi.

Fulu_Wodekha
A BamboWaMapasa, pepani koma apa ndikutsutsani. Madzi otentha amakoma panthawiyo, zimenezo ndikuvomera, munthu umachita kutsinzina. Koma amachotsa mafuta a pakhungu, khungu limauma, ndipo kutentha kwenikweniko kumawonjezera kuyabwa kwa mtundu umenewu. Pakati pa usiku kumabweranso kuposa poyamba. Ine ndimasamba madzi ozizira kapena ofunda pang'ono chabe, mwachangu, sopo wopanda fungo ndipo pang'ono. Sindipukuta mokhula, ndimangogunditsa thaulo. Khungu lisanaumiretu ndimadzola kirimu wokhala ndi menthol, wa 1 peresenti, ndipo botolo lake limakhala m'firiji. Pafupi ndi bedi pamakhala beseni la madzi ozizira ndi kansalu. Zikhatho zikayamba ndimaviika, mapazi ndimakulunga ndi kansalu konyowako. Sikuti kumachiritsa, koma dzanja limapeza chochita m'malo mokanda.

BamboWaMapasa
Aliyense ndi thupi lake. Langa limafuna moto.

Mayi_a_atatu
Zikhadabo wengani mpaka pansi, ndipo muzizikhula kuti m'mphepete musakhale mwakuthwa. Ine ndimagona nditavala magolovesi a thonje. Ndimawavula ndili m'tulo osadziwa, koma theka la usiku amakhala andipulumutsa. Zovala za nayiloni ndi za ubweya tayani kutali, bulangeti lolemera nalonso.

Chikhatho
Za cholestyramine ndinene zoona zake kuti musadzadabwe. Ndi ufa wa m'kapaketi, magalamu 4, mumasungunula m'madzi kapena mu juwisi. Sasungunuka kwenikweni, kumakhala ngati ukumwa mchenga. Ndikamusakaniza ndi juwisi wozizira n'kumusiya kanthawi m'firiji amamwekako bwino. Salowa m'magazi, amangokhala m'matumbo n'kumagwira zinthu za mu ndulu kuti zituluke ndi chimbudzi m'malo mobwerera m'thupi. Ena amafika mapaketi anayi patsiku, omwe ndi magalamu 16, koma zimenezo amakweza ndi adokotala.

Vuto lake lalikulu ndi loti sasankha. Amagwiranso mankhwala ena omwe mwamwa. Mukamumwera pamodzi ndi ursodeoxycholic acid wanu uja, mwataya onse awiri. Pakhale mpata wa maola 4. Amadzimbitsanso, ndipo m'mimba mumadzaza mpweya, choncho madzi muzimwa ambiri.

Wokayika
Ine anandikanika. Kudzimbidwa kunaposa kuyabwa komwe.

MasambaNdiMoyo
Anthu inu mukungopatsana mayina a mapilisi. Chiwindi chatopa kale, inu mukuchiwonjezeranso katundu. Pali mankhwala achilengedwe otsuka chiwindi, azitsamba enieni, opanda poizoni. Amene akufuna andipeze kumbali ndimufotokozere.

NamwinoWopuma
A MasambaNdiMoyo, fotokozani pompano tonse timve. Muli chiyani m'mankhwalawo, ndipo mlingo wake ndi wotani kwa munthu amene tinjira take ta ndulu tawonongeka? Chilichonse chomwe munthu wameza chimadutsa m'chiwindi, kaya chachokera ku fakitale kaya ku tchire. Zitsamba ndi mankhwala owonjezera ogulitsidwa m'mabotolo ndi zina mwa zinthu zodziwika zomwe zimavulaza chiwindi. Ngakhale makapisozi a green tea, omwe anthu amamwa pofuna kuchepetsa thupi, anavulazapo anthu chiwindi.

MasambaNdiMoyo
Nanga mapilisi anuwo savulaza?

NamwinoWopuma
Ena amavulaza ndithu, n'chifukwa chake amaperekedwa ndi mlingo wodziwika ndipo magazi amayezedwa. Botolo lopanda dzina la zomwe zili mkati mungaliyeze bwanji?

Gogo_wa_pa_foni
Mchemwali wanga anagula zotsuka chiwindi kwa munthu wina wa pa intaneti. Anayamba ndi kuyabwa kokha, atamwa zimenezo maso anasanduka achikasu, tinakagona naye kuchipatala. Wogulitsayo foni anazimitsa. Ana anga, musamwe chinthu adokotala anu asanachione.

Woyang'aniraGulu
Kugulitsa kapena kuitanira anthu kumbali n'koletsedwa pano. Ili ndi chenjezo. Tipitirize.

Kadzidzi
Ndifunseko zina. Amene muli pabanja, anzanu amagona bwanji? Akazi anga anasamukira kuchipinda cha ana. Akuti bedi limagwedezeka usiku wonse.

Mayi_a_atatu
Anga amagona ngakhale denga litagwa. Nthawi zina ndimawayang'ana akuliza mkonono, mtima n'kundipweteka popanda chomwe alakwa.

BamboWaMapasa
Ine chimandinyansa n'kuntchito. Pamsonkhano ndimakhala ndikukhulitsa msana pampando. Tsiku lina mnzanga anasuntha mpando wake mwakachetechete. Sanalankhule kanthu, koma ndinaona. Anthu amayesa sitisamba kapena tiwapatsira.

Fulu_Wodekha
Ine ndinangowauza poyera kuti ndi chiwindi, sizopatsirana. Ndiye linabwera funso lachiwiri: kodi mumamwa kwambiri? Mowa sindinaulawepo.

Sindigona
Limenelo ndalimva kangapo! Apongozi anga anafunsa amuna anga kumbali ngati ndimamwa mobisa.

NamwinoWopuma
PBC sichokera ku mowa, auzeni apongozi. Mwa anthu 10 odwala matendawa pafupifupi 9 ndi akazi, ambiri azaka zapakati. Dzina lake linasinthidwa mu 2015, anachotsa mawu oti cirrhosis (kuuma kwa chiwindi) n'kuikapo cholangitis (kutupa kwa tinjira ta ndulu), chifukwa ambiri amapezeka nawo chiwindi chisanaume n'komwe.

Ndikudikira_mwana
Pepani kulowerera. Ine sindinadwalepo chiwindi, koma ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu ndipo zikhatho ndi mapazi zikuyabwa usiku mmene akunenera a Sindigona. Amayi anga akuti si zachilendo ayi, khungu likungokokeka. Ndidikire tsiku langa la sikelo?

NamwinoWopuma
Musadikire. Pitani lero, kapena mawa m'mawa ngati kwada. Kuyabwa kwa khungu lokokeka kumakhala pamimba. Kwa m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, popanda zidzolo, m'miyezi yomaliza, kungakhale vuto la ndulu lomwe limabwera ndi pakati. Kwa inu mayi nthawi zambiri limatha mukangochira, koma kwa mwana lili ndi chiopsezo, makamaka ma bile acid (ma asidi a mu ndulu) akafika 100 kapena kuposa poyeza magazi. Zikatero madokotala amatha kukonza zoti mwana abadwe tsiku lisanakwane. Mukafika nenani momveka kuti kuyabwa kuli m'zikhatho ndi m'mapazi ndipo mukupempha kuyezedwa chiwindi ndi ma bile acid. Zotsatira zikatuluka zabwino koma kuyabwa n'kumapitirira, ayezenso, chifukwa kuyabwa kumatha kuyamba magazi asanasonyeze. Mukaona kuti mwana wachepetsa kugunda, pitani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

Mayi_a_atatu
Mverani zimenezi mwana wanga. Ine zinandichitikira pa mimba yachiwiri ndi yachitatu. Ndikangochira kuyabwa kunkatha patangopita masiku ochepa.

Ndikudikira_mwana
Zikomo amayi. Ndipita m'mawa.

Wokayika
Tibwerere kwa ife amene cholestyramine anatikanika. Anandipatsa rifampicin. Inde, yemwe uja wa TB. Ndinayamba ndi 150 mg. Mkodzo unasanduka wofiirira ngati wa magazi, thukuta ndi misozi zomwe, koma anali atandichenjeza kale. Kunena zoona ameneyu ndi amene anandibwezera tulo. Koma ndimakayezetsa magazi pafupipafupi chifukwa iyenso angathe kuvulaza chiwindi chomwecho.

MasambaNdiMoyo
Mwamva? Akunena okha.

Wokayika
Ndanenanso kuti amandiyeza. Werengani mpaka kumapeto.

NamwinoWopuma
Pa rifampicin ndiwonjezere chimodzi chomwe anthu amaiwala. Amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira, ndiye mphamvu yawo imachepa. Mapilisi olera, kachipangizo kolera ka pamkono, ma ARV ena, warfarin woletsa magazi kuundana, onsewa amakhudzidwa. Muwauze adokotala chilichonse chomwe mukumwa. Ndipo musatenge otsala a munthu wa TB n'kumamwa nokha.

Akakanika ameneyu pali naltrexone. Amayamba ndi kachidutswa kakang'ono n'kumakweza mpaka 50 mg, chifukwa masiku oyamba ena amamva nseru, kunjenjemera ndi kusowa mtendere. Sayenda pamodzi ndi mankhwala opha ululu a gulu la morphine, monga tramadol ndi codeine. Palinso sertraline, yemwe ambiri amamudziwa ngati mankhwala a nkhawa ndi kukhumudwa.

Chikhatho
Atandilembera sertraline ndinakwiya. Ndinati ndiye kuti akuganiza kuti kuyabwaku ndikungodzipangira m'mutu.

NamwinoWopuma
Ambiri amamva choncho. Koma uthenga wa kuyabwa umayenda m'minyewa kukafika ku ubongo, ndipo mankhwalawo amagwira panjira imeneyo. Sakunena kuti mukunama.

Owerenga_Zambiri
Palibe amene watchula bezafibrate. Ndi mankhwala akale otsitsa mafuta m'magazi. Kafukufuku wotchedwa FITCH, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021, anapatsa odwala 400 mg patsiku kwa masabata atatu. Mwa omwe analandira mankhwala enieni, 45 peresenti kuyabwa kwawo kunatsika ndi theka kapena kuposa, pomwe mwa omwe analandira pilisi lopanda mankhwala anali 11 peresenti. Amafuna kuyang'anira impso ndi kupweteka kwa minofu. Komanso mu 2024 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mankhwala otchedwa seladelpar pa matenda a PBC, ndipo m'kafukufuku wake anachepetsanso kuyabwa. Mbali inayi, amene anapatsidwa mankhwala ena a PBC otchedwa obeticholic acid adziwe kuti ameneyo amadziwika kuti amawonjezera kuyabwa.

Kadzidzi
45 peresenti ndiye kuti oposa theka anapitiriza kukanda.

Owerenga_Zambiri
Zoona. Koma kwa amene wayesa zitatu n'kukanika, ndi khomo lina loti agogode.

Mlonda_wa_usiku
Nkhani yanga ndi yosiyana pang'ono, mwina ithandiza wina amene akungowerenga osalemba. Ine kuyabwa kunabwera mwadzidzidzi. Patangopita nthawi pang'ono maso anachita chikasu, mkodzo unada, chimbudzi chinayera mbuu. Kuchipatala china anandipatsa mafuta odzola n'kundibweza. Kwina anandiunika pamimba ndi makina, anapeza kamwala katatseka njira yaikulu ya ndulu. Analowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kukamwa, amati ERCP, n'kuchotsa kamwalako. Sabata isanathe ndinasiya kukanda. Adokotala anandiuza kuti njira ikatsekeka yonse cholestyramine sangathandize, chifukwa ndulu sikufika n'komwe m'matumbo momwe iye amaidikira. Ndiye musanakangane za mankhwala, dziwani kaye chomwe chatseka. Nthawi zina ndi kamwala, nthawi zina chotupa, nthawi zina ndi hepatitis B kapena C, kapenanso mankhwala ena omwe munthu akumwa.

Fulu_Wodekha
Chimbudzi choyera ndi mkodzo wakuda si za mawa. Chimodzimodzi kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, mimba kutupa, kusokonezeka mutu, kapena kutentha thupi ndi kunjenjemera pamodzi ndi chikasu.

Sindigona
Chomwe chimandiopsa usiku ndi ichi: kuyabwa kukamakula, ndiye kuti chiwindi chikutha?

NamwinoWopuma
Ayi. Kukula kwa kuyabwa sikuyendera limodzi ndi kukula kwa matenda. Pali anthu omwe chiwindi chawo chikugwira bwino ntchito koma akukanda mpaka magazi, ndipo pali ena odwala kwambiri omwe sayabwa n'komwe. Mmene chiwindi chilili amadziwa ndi magazi ndi makina ounikira, osati ndi zikhadabo.

Wopanda_dzina
Ndanena kuti ndingowerenga koma ndilembe. Pali usiku wina womwe ndinakhala pansi m'bafa, mapazi ali m'madzi, n'kumaganiza kuti kuli bwino kungofa. Ululu ndimaupirira, ndabereka ana. Koma ichi sichipatsa mpata, ndipo ukauza munthu kuti ukulira chifukwa cha kuyabwa amaseka. Sindinauzepo aliyense kunyumba.

Gogo_wa_pa_foni
Mwana wanga, wachita bwino kunena. Pano palibe angakuseke. Koma usathere pano. Uza munthu mmodzi kunyumbako lero lomwe, ndipo adokotala uwauze ndi mawu omwewa, osachepetsa. Maganizowo akabweranso usiku usakhale wekha m'bafa, dzutsa munthu, mupite kuchipatala.

NamwinoWopuma
A Wopanda_dzina, zomwe mwanenazi madokotala a chiwindi amazidziwa, ndipo simuli nokha amene munafika pamenepo. Kuyabwa kofikitsa munthu apa kumasintha chithandizo. Pali kuunika khungu ndi kuwala kwapadera kotchedwa UVB, pali njira zosefa magazi m'zipatala zikuluzikulu, ndipo kuyabwa kosamva mankhwala alionse ndi chimodzi mwa zifukwa zovomerezeka zoganizira kumuika munthu chiwindi china, ngakhale manambala ake asanaipe. Kodi muli ndi munthu amene mungamuuze lero?

Wopanda_dzina
Mng'ono wanga. Ndamuimbira, akubwera madzulo ano, ndipo wati andiperekeza kwa adokotala.

Chikhatho
A Sindigona, kwa adokotala musapite ndi mawu oti ndimayabwa okha. Iwo amamva manambala. Tengani kakope, usiku uliwonse lembani kuyabwa kwafika pati kuyambira 0 mpaka 10, mwagona maola angati, mwadzuka kangati. Jambulani miyendo ndi nsalu ya magaziyo pa foni. Mukalowa ikani zimenezo patebulo asanatsegule kompyuta, ndipo mufunse kuti, pa kuyabwaku tiyamba ndi mankhwala ati, ndipo akakanika tidzayesa ati?

BamboWaMapasa
Ndinayesa madzi ozizira a a Fulu aja. Ndinakuwa mpaka mapasa anadzuka.

Fulu_Wodekha
Ndinati ozizira kapena ofunda pang'ono, bambo, sindinati a ayezi. Nanga munagona?

BamboWaMapasa
Ndinagonako. Koma sindinavomere kuti mwapambana.

Ndikudikira_mwana
Ndabwera kudzanena kuti anandiyeza, ndipo ma bile acid ndi okwera. Akundiona sabata iliyonse ndipo tsiku lochira alisendeza pafupi. Mwana akugunda bwino.

Mayi_a_atatu
Mulungu akutsogolereni. Mudzatiuze akabadwa.

Sindigona
Inenso ndapita ndi kakope kaja. Adokotala anawerenga tsamba lonse, anaona zithunzi, ndipo andilembera cholestyramine paketi imodzi m'mawa, akuti tikaonana ulendo wamawa tidzaona ngati tikweze. Anenanso kuti adzayeza mavitamini A, D, E ndi K chifukwa amenewa amafuna ndulu kuti alowe m'thupi. Funso langa tsopano: ursodeoxycholic acid ndimamwa m'mawa ndi madzulo, palinso kapilisi ka chithokomiro ka m'mawa. Ndizikonza bwanji kuti ufawu usazigwire?

Chikhatho
Ka chithokomiro ndiye kosachedwa kugwidwa, samalani nako. Ine ndimamwa kanga ndikangodzuka m'bandakucha, ufa ndimamwa pa chakudya cha m'mawa patapita ola lathunthu kapena kuposa, ndipo ursodeoxycholic acid ndinamusunthira masana ndi usiku. Koma lembani ndandanda yanu yonse papepala mukawaonetse a ku famase kapena adokotala musanasinthe nthawi, chifukwa ena amafuna kuti mpata wa ka chithokomiro ukhale maola 4 athunthu, ndipo angafune kudzayezanso chithokomirocho.

Wokayika
Ndipo musaweruze ndi usiku woyamba. Mupatseni sabata imodzi kapena ziwiri. Chimbudzi chikayamba kuvuta musangosiya mwakachetechete, kawauzeni, pali zofewetsa zomwe angakupatseni.

Sindigona
Ndamva. Juwisi wake ndi wa mtundu uliwonse, kapena pali amene amabisa bwino mchengawo?

Chikhatho
Wa malalanje wokhala ndi zamkati zake. Vundulani kwambiri, ndipo mumwe musanayambe kuganiza.